Bokosi Tinagula, Kope Latikanika

Mpingo wa Mulungu m'Malawi, ndili nawe mlandu, ndipo sindiunena mokuluwika.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalimo anthu 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 77 anayankha okha ndi pakamwa pawo kuti ndi Akhristu. Palibe anawakakamiza. Kalembera yemweyo anapeza ana pafupifupi 1 miliyoni amene bambo, mayi, kapena onse awiri anatsikira kuli chete. Gawani nokha: mwana wamasiye mmodzi, Akhristu 13. Chotsanipo makanda, chotsanipo odwala ndi nkhalamba zoyendera ndodo, chotsaniponso ana amasiyewo, mutsalabe ndi akuluakulu angapo a manja awiri, obatizidwa, odya mgonero, pa mwana mmodzi yekha. Nanga Lolemba m'mawa, belu la sukulu likulira, mwanayo akutani pamsika ndi beseni la mandasi pamutu? Wamutuma ndani?

Ndikudziwa kumene muthawire. Munena kuti Edzi. Zoonadi, kuchokera pamene matendawa anapezeka m'dziko muno mu 1985, imfa inasankha anthu a msinkhu wobala ndi wolima, aphunzitsi, anamwino, asilikali, n'kusiya agogo ndi zidzukulu. Akalipentala anasiya mipando n'kuyamba kukhoma mabokosi. Masiku amenewo mbumba zinathedwadi nzeru. Koma mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, maliro aja anachepa, ndipo khanda limene linasiyidwa chaka chimenecho lero ndi bambo wandevu. Amene wagona ndi njala usiku wathawu ndi wina. Mayi ake anafera pobereka. Bambo ake anatengedwa ndi kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700, kapena anakwiririka m'matope a namondwe Freddy mu Marichi 2023 ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe. Wina bambo ake ali moyo ku Joni, koma foni inasiya kugwira kalekale. Takhala tikuika makolo m'manda zaka 40. Mtundu umene waika maliro zaka 40 sungati nkhani ya ana otsala yaudzidzimutsa.

Pa maliro pokha ndiye sitilephera. Mfuu ukangomveka, masamba aikidwa kale pamsewu, adzukulu anyamula makasu, amayi ayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ufa. Amayi a Mvano afika ndi maduku oyera, achezera m'siwa usiku wonse nyimbo zosaduka. A Dorika nawo, a mphakati nawo, aliyense ndi yunifolomu yake. Achibale a m'tauni akana bokosi la matabwa wamba, akuti m'bale wathu sangapite chonchi anthu angatiseke, atumizirana ndalama pa foni, pofika masana kasiketi yatsika pa galimoto. Mbuzi yagwa. Chipepeso chawerengedwa mokweza, dzina ndi ndalama yake, kuti aliyense amve. Kenaka aimirira mwinimbumba, chipewa m'manja, mawu akunjenjemera: "Anawa asadandaule. Bambo awo apita, koma ife tilipo. Sadzasowa kanthu." Khamu ligwedeza mitu. Abusa atseka ndi pemphero. Ana aja, ali pamphasa pafupi ndi bokosi, maso ali psuu, amva ndi makutu awo lonjezo loperekedwa pamaso pa amfumu ndi pamaso pa Mulungu.

Dikirani tsiku lometa. Nkhata za maluwa zisanafote pamanda, amalume omwe analonjeza aja atulutsa kope ndi cholembera. Njinga ipite kwa achimwene a malemu, poti ndiwo ankaikonzetsa. Makina osokera atenge alongo awo. Matiresi, wailesi, mbuzi zotsala, matumba a chimanga a kuchipinda, ngakhale malata amene malemu anagula kuti afolere nyumba mvula isanagwe, chilichonse chapeza mwini, ndipo onse mawu awo ndi amodzi: tikusungira anawa. Mayi wamasiye akati atsegule pakamwa, amukumbutsa kuti iye ndi wobwera, ena kumbali ayamba kunong'ona kuti kodi mwamunayu anafa bwanjibwanji. Ndalama za kuntchito zikatuluka, amene amapita ku ofesi ya DC ndi kalata ya amfumu m'thumba si ana ayi. Chaka chikatha, banja lomwelo lisonkhanso ndalama zomangira chiliza cha matailosi, aitananso abusa, aphikanso mpunga, ndipo mwana wa amene wagona pansi pa matailosiwo waima kumbuyo kwa anthu, wopanda nsapato, atasiya sukulu teremu yachiwiri chifukwa cha ndalama yosafika pa mtengo wa thumba limodzi la simenti yapachilizapo.

Kumeneko ndi kuba. Musakutche mwambo, pa mwambo wathu mwinimbumba ndi wolera, si wolanda. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye mu 2011, limene limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angamangidwe nawo. Koma ine sindikulankhula ndi apolisi. Ndikufunsa bwalo la mpingo. Mwadula anthu angati chifukwa cha mowa? Ambiri. Chifukwa cha mitala, cha gule, cha mimba ya pathengo? Mabuku anu adzaza. Nanga uja amene amakwera njinga ya ana amasiye kubwera nayo ku tchalitchi, n'kuitsamiritsa pa mtengo wa mango, n'kulowa kukagawa mgonero, munamuitanapo? Njingayo nonse mumaidziwa. Pa maliro paja munalipo.

Tsopano tilowe m'nyumba ya Mkhristu wabwino, amene sanalande kanthu, amene anachita kukatenga mwana wa achemwali ake kumudzi kubwera naye ku Ndirande kapena ku Kawale, anthu n'kumuyamikira kuti ali ndi mtima. Anati akamuphunzitsa. Tambala woyamba, mtsikanayo wadzuka pa chiguduli cha kukhitchini. Akoleza mbaula, atereka madzi osamba a bambo, asesa pabwalo, athamangira kumpopi mzere usanatalike, akolopa, asita mayunifolomu a ana a m'nyumbamo, amene ndi abale ake a magazi amodzi, awalongera kamba, awaperekeza mpaka kumsewu zikwama zawo zili kumsana kwa iyeyo. Pobwera, matewera a khanda akumudikira m'beseni. Tiyi wake ndi wotsala m'ketulo wowonjezera madzi, buledi anatha. Masana amusenzetsa mandasi, ndipo madzulo ndalama ikaperewera K200, nsima palibe. Alendo akafunsa kuti uyu ndi ndani, mayi ayankha, "Ndi mwana wa malemu achemwali, tikungomusunga." Akafunsa za sukulu, "Aa, ameneyu mutu wake ngouma, tinayesetsa." Mutu wouma wa mwana amene amagona 11 koloko usiku n'kudzuka 4 koloko m'bandakucha! Ndipo banjali silidumpha mapemphero a madzulo. Amene amatumidwa kukatenga Baibulo pa kabati ndi mtsikana yemweyo.

Wantchito wolembedwa amalandira malipiro, amapuma, akatopa amatsazika. Uyu alibe malipiro, alibe kopita, ndipo n'chifukwa chake munasankha iyeyo. Lamulo la ntchito limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14. Inu simunamulembe, mwangomutcha m'bale. Zilipo zinanso zimene zimachitika m'nyumba zoterezi mayi akapita ku maliro kapena ku msonkhano wa amayi, zimene mwanayo sangauze munthu chifukwa wochitayo ndi amene amagula ufa. Mimba ikaoneka, amukweza basi ya m'mawa kubwerera kumudzi ndi uthenga wakuti wayamba khalidwe loipa. Bambo Lamulungu lotsatira ali pa mpando wawo wa kutsogolo.

Anyamata nawo tawamwaza: wina akuweta ng'ombe za eni ku dambo, wina akusoka fodya m'chigafa ku Kasungu manja atada bii ndi phula, wina akukoka khoka kunyanja usiku, wina wagona pa katoni pakhonde la sitolo ku Limbe. Akafika pa zenera la galimoto yathu timakweza galasi n'kunena kuti ana a masiku ano ndi akuba.

Za sukulu, musanamizire ana. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ya ku pulayimale, linatinso yunifolomu si yokakamiza, ndipo chiwerengero cha ana a sukulu chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Apo zinaonekeratu kuti ana sankakana sukulu. Chimene chinkawatsekera kunja ndi kandalama kochepa. Lamulo la maphunziro la 2013 linawonjezera kuti pulayimale ndi yokakamiza. Papepala zonse zili bwino. Koma kafunseni gogo aliyense wolera zidzukulu akuwerengereni: ya chitukuko, ya mlonda, ya mayeso otayipa, ya lipoti. Kwa inu iliyonse ndi ya mayunitsi a foni. Kwa gogoyo ndi ganyu wa tsiku lonse m'munda mwa mnzake, munda wake uli thengo. Mwana abwezedwa Lolemba, abwezedwanso Lachitatu, anzake akuseka kabudula wong'ambika kumbuyo ndi makope a mu jumbo ya shuga, sabata yachitatu sapitanso. M'kaundula alemba kuti wasiya. Sanasiye ameneyo, munamupirikitsa. Ndipo takwezani maso muone chikwangwani cha sukuluyo: pali mtanda, pali dzina la woyera mtima kapena la sinodi. Sukulu zambirimbiri za pulayimale m'dziko muno eni ake ndi mipingo, ngakhale aphunzitsi amalipidwa ndi boma, ndipo mu komiti imene imagamula kuti wosalipira abwerere mumakhala akulu a mpingo. (Aphunzitsi ndiwasiya kaye. Munthu woima yekha patsogolo pa ana oposa 100 pansi pa mtengo, malipiro atatha pa 10, ndiye kawirikawiri amapisa m'thumba kugulira mwana wamasiye kope.)

Wopirira afika Sitandade 8, akhoza, asankhidwa. Kumudzi nthungululu. Andale angalengeze kuti fizi ya ku sekondale yachotsedwa, ndipo akachotsadi tiwayamike. Koma sukulu ya CDSS ili kutali, mwana ayenda maola awiri m'mimba muli gwaa, ndipo nsapato, sopo, makope, nyale yowerengera ndi nsalu za kumwezi sizichokera ku Nyumba ya Malamulo. Atsikana ena amachita lendi tizipinda ta pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha. Ufa ukatha, amene ali pafupi si mpingo ayi. Ndi wa kabaza, ndi wa golosale, ndipo ameneyo sapereka chaulere. Sukulu zathu za mishoni zogonera konko, zimene timanyadira nazo zotsatira za MSCE zikatuluka, ndalama zake gogo sangazilote n'komwe. Mwana wa m'mudzi woyandikana ndi mishoni amalowa pa geti lake pokagulitsa nthochi basi.

Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wa boma anapeza atsikana oposa 40,000 atatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa chabe. Mtsikana wopanda kholo ndi amene amayamba kugwa m'dzenje limeneli, chifukwa kwa omusunga ukwati wake ndi pakamwa pamodzi pochotsedwa pa mbale. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika malire pa zaka 18. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza sinadikire kuti lamulo liyende lokha: inathetsa maukwati a ana mazanamazana, inabwezera anawo kusukulu, inaimitsa nyakwawa zimene zinkaloleza. Mfumu inachita zimene alaliki ambiri ankaopa kutchula paguwa poopa kukhumudwitsa opereka. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana wobereka kubwerera m'kalasi. Ife mpingo timamuimika patsogolo pa anthu kuti alape, mwana ali kumsana, kenaka timukhazika kalasi ya obwerera chaka chathunthu; za kalasi ya Fomu 2 imene anasiya palibe amafunsa.

Ndipo pali aneneri ena, Mulungu awaone, amene nyumba ikagwa m'mavuto amaloza mwana wobwera uja kuti ndiye mfiti. Bizinesi yagwa, ndi iyeyo. Khanda ladwala malungo, ndi iyeyo. Amusalitsa kudya, amukuwira m'makutu usiku wonse mpaka kamwana ka zaka 8 kavomera kuti kamauluka pa lichero, chifukwa kazindikira kuti kuvomera ndiko kuthetsa mkuwowo. Lamulo la 1911, lakale kuposa agogo athu, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Koma mneneri saloza mwana amene bambo ake ali moyo ndipo ali ndi chikwanje. Amaloza wopanda womunenera.

Titalephera kunyumba, tinapeza pothawira: nyumba zosungirako ana amasiye. Sindinyoza onse amene anazimanga. Khanda limene mayi ake afera pobereka limafuna mkaka usiku womwewo, ndipo alipo masisitere ndi amayi ena amene akalamba akusintha matewera a ana a eni popanda wowathokoza. Koma tinene zoona: ana ambiri a m'nyumba zimenezi ali ndi kholo limodzi lamoyo, kapena agogo, kapena azakhali. Chinawapititsa kumeneko ndi njala ndi fizi. Dziko lonse lapansi linaona zimenezi mu 2006, pamene woimba wa ku America, Madonna, anatenga mwana pa nyumba ina yotere ku Mchinji. Mayi a mwanayo anali atamwaliradi, koma bambo ake anali moyo, mlimi wa kumudzi wosowa chodyetsa khanda. Tinakangana miyezi pa wailesi kuti kodi mzungu ayenera kutenga mwana wathu kapena ayi. Funso loti ife eni dziko tinali kuti ndi chitini cha mkaka bambo uja ataika mkazi wake, limenelo tinalilambalala.

Ena ndiye aonapo msika. Kwa iwo mwana wamasiye ndi munda: umalima chithunzi, n'kukolola madola. Alendo akamabwera ana auzidwa kuti avale zong'ambika, aimbe, amwetulire. Alendo akakwera ndege, mabulangete alowa m'chipinda cha adayirekita. Denga la ana likudontha, galimoto yasinthidwa kawiri. Ife a m'tauni tilinso ndi mwambo wathu wa Khirisimasi. Kwaya kapena gulu la achinyamata ligula shuga, sopo ndi zovala za kaunjika, livala matisheti ofanana, lifoletsa ana pamzere aliyense paketi ili pachifuwa, chithunzi chili pa Facebook dzuwa lisanalowe. Januwale akafika, teremu yachiwiri yatsegulidwa, nkhokwe zili mbee, palibe akukumbuka dzina la mwana ndi mmodzi yemwe. Wanu mwana mungalole kuti ajambulidwe atanyamula sopo wopatsidwa, nkhope yake iziyenda m'mafoni a anthu osamudziwa?

Chikhristu sichinalowe chotere m'dziko muno. Mu Julaye 1861, gulu la David Livingstone, limene linkaperekeza Bishopu Charles Mackenzie, linamasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame, ndipo anthu amenewo, ambiri mwa iwo amayi ndi ana osowa kwawo, ndiwo anakhala maziko a mishoni ya ku Magomero. Mbiri imakumbuka bishopuyo atasenza paphewa kamtsikana kofooka kolephera kuyenda. Kamtsikanako kanakula n'kukakhala mphunzitsi ku Cape Town. Amishoni aja anali ndi zoipa zawo, ndipo mfuti za ku Magomero ndi zikoti za ku Blantyre sitinaziiwale. Koma ku Cape Maclear kumene anafika mu 1875, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889, ana ankayamba kuphunzira zilembo tchalitchi cha njerwa chisanamangidwe. John Chilembwe atabwerako ku America n'kukhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mu 1900, anatsegula sukulu. Ndipo mu 1914, m'kalata yake yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yotsutsa kutengera anthu akuda ku nkhondo ya azungu, anadandaula za akazi ndi ana amasiye amene ankatsala mu usiwa. Lero timapuma pa 15 Januwale kumukumbukira, nkhope yake ili pa K2,000, ndipo mwana akubwezedwa pa sukulu ya mpingo chifukwa chosowa pepala limodzi la nkhope yomweyo. Pa 8 Marichi 1992 maepiskopi a Katolika anawerengetsa kalata imene inagwedeza boma la Kamuzu Banda, ndipo mwa zina inanena za makalasi odzaza ndi kusowa kwa mabuku. Mpingo umadziwa kudzudzula boma. Kalata yodzudzula mpingo alemba ndani?

Alaliki, mumakonda chaputala 3 cha Malaki. Mwezi ukamatha mumatsegula pomwepo, pa ndime za chakhumi, n'kutiuza kuti tikubera Mulungu. Bwererani m'mbuyo pang'ono, pa ndime 5 ya chaputala chomwecho. Pamenepo opondereza akazi amasiye ndi ana amasiye aikidwa gulu limodzi ndi anyanga, achigololo ndi olumbira zabodza, onse oyembekezera chiweruzo. Chala chanu chimadumpha bwanji pamenepo? M'buku la Deuteronomo, chakhumi cha chaka chachitatu chilichonse sichinkanyamulidwa kupita kutali. Chinkasungidwa m'mudzi momwemo kuti adye Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Mwana wamasiye anali ndi gawo lake m'chakhumi, lolembedwa m'lamulo. Simukumuchitira chifundo mukamupatsa. Mukamumana mwamubera.

Tatsegulani buku la msungichuma. Pepala Sande ya matailosi, ya zokuzira mawu, ya mpanda, ya galimoto ya abusa, ya ulendo wa kwaya wokajambula nyimbo kunyanja. Mlendo wolemekezeka ndi wandale, waponya envelopu, amayi aimba nthungululu, ndipo palibe wafunsa kumene ndalamayo yachokera. Mzere wa ana amasiye, ukapezeka, uli pansi penipeni, ndipo ndalama yake ndi imene imabwerekedwa nyumba ya abusa ikafuna penti. Gogo wolera zidzukulu zisanu nayenso ali ndi khadi la chopereka. Akalephera kulidzaza, mumamutumizira uthenga wakuti asamale, tsiku la maliro ake mpingo sudzaimba. Ndiye gogoyo agulitsa nkhuku, ndalama ya makope ija aipereka kwa inu, kuti adzaikidwe ndi nyimbo.

Amene asenza mtolo umenewu mpaka lero si ife ovala majekete. Ndi agogo amenewa, maso akuchita khungu, akusinja, akupala moto, akugawa nsima imodzi pasanu. Ndi amayi a mkombaphala amene amasonkhanitsa tiana pansi pa chisakasa popanda malipiro. Ndi amayi amene amafika pasukulu kusanache, nkhuni pamutu, kudzavundula mphika waukulu wa phala. Bungwe la Mary's Meals linayambira m'dziko muno mu 2002 ndi ana pafupifupi 200. Lero limadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'sukulu za m'Malawi, ndipo mphunzitsi aliyense angakuuzeni kuti tsiku limene utsi ukufuka kukhitchini, kalasi imadzaza. Tiwathokoze. Koma tichitenso manyazi: zinatengera munthu wochokera ku Scotland, woyambitsa bungweli, kuti aone kuti mwana wanjala samva masamu. Likuni phala ndi chimanga ndi soya, mbewu zomwe timalima tokha, zomwe timaunjika patsogolo pa guwa tsiku la masika n'kuzigulitsa kwa mavenda kuti tigule makatani. Boma nalo lili ndi Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, kandalama kochepa kopita ku mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Dzina la gogo likasowa pa mndandanda, ndani wa mpingo amavala jekete lake lija kumuperekeza kukafunsa?

Musandiuze kuti dziko ndi losauka. Ndikudziwa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza sagulika, shuga ndi wa alendo. Koma umphawi umenewo sunatiletse kasiketi, sunatiletse chiliza, sunatiletse chitenje chofanana cha msonkhano wa pachaka. Ndalama timaipeza pa chimene tachiopa manyazi. Maliro osauka timachita nawo manyazi. Mwana wa m'bale wathu wosadziwa kulemba dzina lake sititero.

Mkulu wa mpingo aliyense amadziwa nyumba zonse za m'dera lake, poti amayendamo kutolera zopereka. Kope lomwelo alembemo ana: dzina, akukhala ndi ndani, ali kalasi yanji, anapita liti komaliza. Ayendere nyumbazo Lachiwiri 9 koloko m'mawa, osati Lamulungu masana, aone amene ali pa mtondo ndi amene ali m'kalasi. Bwalo la mpingo limene linatumiza anthu kukaimba pa maliro litumizenso anthu tsiku logawa katundu, akhale pansi, alembe, ndipo wolanda aitanidwe monga amaitanidwira woledzera. Abusa aphunzitse anthu kulemba wilo akadali moyo. Kulemba wilo sikuitana imfa. Komiti ya sukulu ya mpingo igamule kuti palibe mwana wobwezedwa chifukwa cha ya mlonda, ndipo ikasowa ndalama ya mlondayo ikaitenge ku Pepala Sande. Osunga ana m'nyumba zazikulu afufuze abale a anawo, ndipo ndalama imene imadyetsa mwana mmodzi kumpanda ithandize gogo wake kumulera pakhomo, pamene pali munda wake, chilankhulo chake ndi manda a makolo ake. Amalume, bwezani njinga. Malata aja ngati munafolera kale nyumba yanu, werengani mtengo wake wa lero mukapereke kwa mayi wa anawo pamaso pa amfumu.

Ndipo inu mayi, inu bambo, amene muli ndi mtsikana pa chiguduli kukhitchini, musadikire msonkhano wa sinodi. Aphunzitsi aakulu adzafuna kalata yochokera kusukulu imene ankaphunzira kumudzi. Kaitengeni nokha, basi yake ndi yomwe munakwera pokamutenga. Mumugulire yunifolomu kwa telala yemwe amasokera ana anu, nsalu yomweyo. Mbale za m'mawa ana anuwo ali ndi manja, azitsuka.